Za mayi Hsiao Bi-khim ndi zaka 10 zawo ku Hualien, kodi phungu ntchito yake ndi chani kwenikweni?

Mlimi wa Bembeke: Moni nonse pagulu pano. Nkhani ya dzulo ija ya aphungu ndi mabokosi a maliro yandigoneka mochedwa ndithu, mutu unangonditengera ku Taiwan komwe ndinakaphunzira za ulimi ku Pingtung zaka zija boma lathu lisanasiyane nawo anthu aja. Kuli mayi ena amene ndakhala ndikuwatsatira kuyambira nthawi imeneyo, dzina lawo Hsiao Bi-khim, pano ndi wachiwiri kwa pulezidenti koma za uvayisi wawowo si zimene zandibweretsa, ine ndikufuna tikambe za uphungu wawo makamaka ku dera lina lotchedwa Hualien, chifukwa funso lija a Nachisale anafunsa dzulo loti kodi phungu timamulembera ntchito yanji ine ndikaganiza za mayi amenewa limandivuta kuyankha mpaka lero

Nachisale: Tiyeni nazo achimwene, tatchera khutu. Koma muyambe poyambirira, ena ife dzinali ndi koyamba kulimva

Mlimi wa Bembeke: Chabwino alongo. Anabadwa pa 7 August 1971 ku Kobe ku Japan, bambo awo anali m'busa wa Presbyterian wa ku Taiwan, a Hsiao Ching-fen, mayi awo mzungu wa ku America. Anakulira ku Tainan kumwera kwa chilumbachi komwe bambo awo ankatsogolera sukulu ya ubusa, ndiye mwana anakula ndi zilankhulo zitatu, cha ku Taiwan konko, Chimandarini ndi Chizungu. Atasinkhukirapo banja linasamukira ku America, sekondale anamalizira ku New Jersey, digiri yoyamba ku Oberlin 1993, masitazi ku Columbia 1995. Apa nde pamene anthu ambiri akanangokhazikika ku America basi, pasipoti anali nayo kale, koma iwo anabwerera kwawo kukagwira ntchito ku chipani cha DPP mbali yoona za maubale ndi maiko akunja

Jnr wa Kabaza: DPP?? mpaka ku Taiwan ili ndi nthambi eti mdala

Mlimi wa Bembeke: Ayi mphwanga, maina okha ndiwo afanana. Yawoyo inayamba 1986 ya kwathu kuno 2005, ndipo yawo ndi yobiriwira, a buluu kumeneko ndi Kuomintang, KMT, chipani chomwe chinalamula chokha ndi malamulo a usilikali kuyambira 1949 mpaka 1987. Zaka 38 amwene. DPP yawoyo inakhazikitsidwa kuyambitsa chipani kudakali mlandu

Mkulu wa Mpingo Ekwendeni: Ndiloleni ndiikepo mawu ana anga, chifukwa mwatchula Tainan ndi ubusa. Sukulu imene bambo a mayiwa ankatsogolera inayambitsidwa mu 1876 ndi m'busa Thomas Barclay wochokera ku Glasgow. Chaka chomwecho cha 1876 ndi pamene Blantyre Mission inayamba kuno, Livingstonia itayamba 1875. Ndiye mpingo wa kumeneko ndi CCAP yathu ndi mbewu zochokera m'nkhokwe zoyandikana. Ndipo mpingo umenewu sunakhale chete nthawi ya ulamuliro wankhanza, mu 1977 unatulutsa chikalata cha ufulu wa anthu, mu 1980 mlembi wawo wamkulu m'busa Kao Chun-ming anamangidwa chifukwa chothandiza kubisa munthu wandale amene boma linkamusaka. Ife amene tinaona 1992 tikudziwa kuti mwana wokulira pa nyumba ya abusa nthawi ngati imeneyo amamva zambiri akulu akamanong'onezana pa khonde

Nachisale: Zikomo bambo, izi ine sindinkazidziwa. Ndiye kuti ndale anayamwira kunyumba

Mlimi wa Bembeke: Inde bambo mwakhudza penipeni. Ngakhale dzina lawo lomweli likunena zambiri, Bi-khim ndi katchulidwe ka chilankhulo cha ku Taiwan, mu Chimandarini amati Mei-chin, koma iwo amalemba la kwawo ndipo nthawi ya KMT ija ana ankalangidwa ku sukulu akalankhula chilankhulo cha makolo awo. Nde mu 2000 Chen Shui-bian wa DPP atawina upulezidenti, koyamba KMT kutuluka m'boma, mayiwa anakhala womasulira komanso mlangizi wake ali ndi zaka zosakwana 30. Chisankho cha December 2001 analowa mu nyumba ya malamulo, kumeneko amati Legislative Yuan, pa mpando woimira nzika zokhala kunja, ndipo mu 2002 anataya unzika wa America chifukwa lamulo silola phungu kukhala ndi mapasipoti awiri. 2004 anaimanso ku Taipei kumpoto kwa mzindawo nkuwina ndi mavoti a anthu

Chembere ya pa Joni: Kutaya pasipoti ya America chifukwa cha uphungu?? ine ndili kuno chaka cha 11 ndikudziwa mtengo wa pepala, anthu timagona pa mzere ku Home Affairs chifukwa cha ka permit chabe. Mayi ameneyo anatsimikiza mtima ndithu

Bambo a Tadala: Tisathamange kuombera m'manja anzanga. Mwana wa m'busa wamkulu, mayi mzungu, sukulu ku America, womasulira wa pulezidenti, uyu ndi mwana wa kumpanda basi. Anthu otere amatha kutaya pasipoti chifukwa akudziwa kuti sadzagona ndi njala. Tiuzeni pomwe anavutika nde tiyambe kukamba

Mlimi wa Bembeke: Ndi kumene ndikupita bambo a Tadala, ndipo simunaname, chiyambi chawo chinali chofewa kusiyana ndi anthu ambiri. Koma taonani zomwe zinachitika. Chisankho cha 2008 chisanafike malamulo anasintha, mipando inadulidwa kuchoka 225 kufika 113, dera lililonse phungu mmodzi, nde mkati mwa zipani munali kukankhana koopsa. Mayiwa chipani chawo chomwe sichinawaimike, anthu ena olimba mitu m'chipanimo ankati ndi ofewa pa nkhani ya China. Taganizani munthu amene lero Beijing inamuika pa mndandanda wa adani ake, nthawi imeneyo anzake omwe ankamukaikira. Ine ndinali konko masiku amenewo, pa ma wailesi ena a chipani ankawanyoza zedi mayiwa, mnzanga wa mu labu ndi amene ankandimasulira ndipo iye mwini zinkamupweteka

Jnr wa Kabaza: mapulaimale ndi choncho kulikonse, amakudya ndi ako omwe

Mlimi wa Bembeke: Nde tifike ku Hualien. Taiwan ili ndi mapiri ataliatali pakati kuchokera kumpoto mpaka kumwera, mizinda yaikulu, mafakitale, sitima yothamanga ija zonse zili kumadzulo. Hualien ili kum'mawa, kuseri kwa mapiri, kutsogolo nyanja ya Pacific. Ndi boma lalikulu kuposa onse pa malo koma anthu ndi 300,000 ndi kanthu basi, opitirira kota mwa iwo ndi eni nthaka enieni, a mitundu ya Amis, Truku, Bunun, amene analipo anthu ochokera ku China asanabwere. Ine ndinapitako kamodzi pa holide ndi sitima kukaona Taroko, malo okongola oti sindingathe kufotokoza, koma pobwerera tinakwera basi pa msewu wa Suhua, msewu wosemedwa m'mbali mwa phiri, uku thanthwe uku phompho nyanja ili pansiii, ndinapemphera njira yonse. Mu October 2010 namondwe Megi anagumula phiri pa msewu umenewu anthu 26 anafa. Anthu a kumeneko amadziona ngati oiwalidwa ndipo kuyambira kale amavotera KMT kapena anthu ogwirizana nayo, DPP kumeneko inali ngati mlendo

Nachisale: Mukamafotokoza ndikungoona Chiweta, kapena Chitipa msewu usanabwere

Mlimi wa Bembeke: Ndendende alongo, kamtima kake nkomweko. Ndiye kumayambiriro kwa 2010 kunali chisankho chachibwereza chifukwa phungu wa kumeneko Fu Kun-chi anali atasankhidwa kukhala mkulu wa boma lonse la Hualien. Tsai Ing-wen amene ankatsogolera DPP nthawi imeneyo anapempha mayi Hsiao kuti akaime. Sikwawo, alibe m'bale kumeneko, nkhope ya chikaladi, dera la adani. Anapita, analuza kwa Wang Ting-son wa KMT ngakhale sanasiyane kwambiri. Apa nde pali nkhani yanga yonse. Sanalongedze. Anatsegula ofesi yothandizira anthu konko nkumapitako sabata ndi sabata pomwe sanali phungu wa derali. 2012 analowanso mu nyumba ya malamulo kudzera pa mndandanda wa chipani, mpando woti sufuna dera, akanatha kungokhala ku Taipei phee, koma anapitirizabe ulendo wa ku Hualien. Zaka 6 akuyenda m'midzi ya m'mapiri ndi m'misika. January 2016 anaimanso ndi Wang yemweyo nkumugonjetsa ndi mavoti opitirira theka, koyamba DPP kutenga mpando umenewu chiyambireni dongosolo la phungu mmodzi

Chembere ya pa Joni: Eeee zaka 6 ukutumikira anthu oti anakukana. Kwathu woluza timadzamuonanso patatha zaka 5 atanyamula nsalu ndi ma t-shirt, nambala ya foni anasintha tsiku lomwe zotsatira zinatuluka

Nachisale: Pepani ndibwerere pang'ono, mndandanda wa chipani ndi chani? sindinamve bwino

Mlimi wa Bembeke: Kumeneko munthu amavota kawiri pa za aphungu, pepala lina la munthu wa dera lako lina la chipani. Pa mipando 113 ija, 73 ndi ya madera, 6 ndi ya eni nthaka aja amavota paokha, 34 imagawidwa kwa zipani malinga ndi mavoti a pepala lachiwirilo bola chipani chipeze 5 peresenti. Ndipo lamulo limati pa mipando yomwe chipani chapeza pa mndandanda, theka kapena kuposa akhale amayi. Nchifukwa chake mu 2020 amayi anapitirira 40 peresenti mu nyumba yawo

Nachisale: Apa nde pandikhudza ine. Ife 50-50 kampeni takhala tikuimba kuyambira ndili mtsikana, mawekishopu ku ma hotelo, ma t-shirt, koma mu 2019 pa mipando 193 amayi sanafike ngakhale 50. Anzathu sanadalire kuti mitima ya anthu isinthe kaye, anangolemba m'malamulo basi. Ndipo taonani, mpando wa pa mndandandawo ndi umene unawasunga mayiwa mu ndale mpaka anakawina dera paokha. Popanda umenewo mwina bwenzi atatha kale

Bambo a Tadala: Koma phungu wa pa mndandanda amamvera ndani mayi? amamvera mwini chipani amene anamulemba, osati ine ndi inu. Kuno mutati mubweretse zimenezo mndandanda udzadzaza ndi azilamu ndi alongo a mabwana. Ine bola yemwe ndimamudziwa kwawo, akalakwa ndikamupeza pa maliro

Mkulu wa Mpingo Ekwendeni: Nonse awiri muli ndi mfundo. Koma ine ndikufuna ndimve za maliro omwewo, kodi kumenekonso phungu amagula bokosi?

Mlimi wa Bembeke: Bambo, ndinadabwa nditafika. Bokosi sagula chifukwa anthu ali ndi kothawira, inshuwalansi ya chipatala ya dziko lonse anayamba 1995, koma kuyenda pa maukwati ndi pa maliro nde ndi ntchito yeniyeni ya wandale kumeneko. Ali ndi mawu ake, amati kuthamangira makadi ofiira ndi oyera, ofiira a ukwati oyera a maliro, pa ukwati ndalama imalowa mu envulopu yofiira pa maliro yoyera. Phungu wa kumudzi akapanda kuoneka pa maliro anthu amasunga mumtima ngati kuno komwe. Ndipo ofesi ija anthu amabwera ndi chilichonse, mkangano wa malo, ngalande yatsekeka, matikiti a sitima. Matikiti a sitima ku Hualien ndi nkhani yaikulu, pa holide alendo okaona malo amawagula onse mwini mudzi nkusowa pokwera kupita kwawo. Ndiye musaganize kuti mayiwa ankangokamba za maiko akunja, zaka zimenezo nkhani zawo zinali msewu, sitima, alimi, zipatala za kumapiri

Jnr wa Kabaza: nde ngati ankagwira ntchito chonchi anakhalapo mpaka liti

Mlimi wa Bembeke: Teremu imodzi yokha mphwanga. January 2020 analuza

Chembere ya pa Joni: Ayi inu musatero

Mlimi wa Bembeke: Zoona. Ndipo chomwe chimandiwawa, msewu wa Suhua watsopano uja wokhala ndi ngalande zoboola mapiri unatsegulidwa wonse pa 6 January 2020, chisankho chinali pa 11 January, masiku 5 okha. Ndinene chilungamo, ntchito ya msewuwo inayamba 2011 nthawi ya pulezidenti Ma Ying-jeou wa KMT, sikuti ndi wa mayiwa okha, koma unatha iwo ali phungu ndipo chipani chawo chili m'boma. Pakati apo February 2018 kunagwa chivomerezi chomwe chinagwetsa nyumba zosanja mu mzinda wa Hualien anthu 17 nkufa, zonsezo zinawapeza ali pa mpando. Tsiku lomwe analuzalo Tsai Ing-wen anawina upulezidenti ndi mavoti opitirira 8 miliyoni, chipani chikusangalala dziko lonse iwo akutsanzika ku Hualien

Nachisale: Anawagonjetsa ndani?

Mlimi wa Bembeke: Fu Kun-chi yemwe uja, ataima payekha. Kumeneko amamutcha mfumu ya Hualien. Munthu ameneyu atawina ukulu wa boma mu 2009 anasudzula mkazi wake Hsu Chen-wei nkumusankha kukhala wachiwiri wake, chifukwa lamulo limaletsa kulemba ntchito mkazi wako, unduna unakana kusankhako ndipo khoti linapeza kuti chisudzulocho chinali chabodza. 2018 anachotsedwa pa mpando nkupita kundende pa mlandu wosokoneza mitengo ya masheya, mkazi wake uja anaima nkuwina mpando womwewo. Iye atatuluka anagonjetsa mayi Hsiao, miyezi yochepa chabe khoti linamupatsanso zaka 2 ndi miyezi 10 pa mlandu wina wa masheya, analowanso, anatuluka, 2024 anawinanso ndipo anakhala mtsogoleri wa aphungu a KMT mu nyumba ya malamulo

Bambo a Tadala: Ndiye mwaona zomwe ndimanena zija. Inu mukuona mayi wolimbikira, anthu a ku Hualien ankaona mlendo wotumidwa ndi likulu. Winayo kaya ali ndi milandu ingati koma ndi amene akhala naye zaka zonsezi, amadziwa mfumu iliyonse, kapitawo aliyense, ndani akudwala ndani akukwatitsa. Anthu aja si opusa ayi. Munthu wakumudzi amawerengera kuti mawa ndikagwa m'mavuto ndigogoda pa khomo la ndani, ndipo amadziwa kuti mwana wophunzira ku Columbia tsiku lina adzapita. Ndipo anapitadi, si choncho?

Mlimi wa Bembeke: Anapita atachotsedwa ndi mavoti bambo, sanathawe. Zaka 10 si masewera, kuyambira ali ndi zaka 38 mpaka 48, zaka zomwe munthu amakhala ndi mphamvu zake zonse. Koma pa zoti anthu aja si opusa ndikugwirizana nanu kwathunthu, ine sindikonda anthu a m'tauni akamanyoza mavoti a kumudzi. Palinso china, chuma cha Hualien chimadalira kwambiri alendo okaona malo ndipo nthawi ya Ma Ying-jeou alendo ochokera ku China ankabwera ndi mabasi ambirimbiri, DPP italowa 2016 anachepa, wa hotelo ndi wogulitsa pa msika anazimva m'thumba. Zimenezo phungu ngakhale alimbikire bwanji sangazikonze yekha

Mkulu wa Mpingo Ekwendeni: Mlendo ndi mame, akulu anatero, sachedwa kukamuka. Koma zaka 10 mame amenewo anakhalitsa ndithu, ine sindingawatchenso mlendo

Nachisale: Nanga ku nyumba ya malamulo kwenikweniko anasiyako chani? chifukwa funso langa la dzulo linali limenelo, timawatuma kukapanga malamulo koma timawayeza ndi mijigo

Mlimi wa Bembeke: Mbali yaikulu inali ya maubale ndi maiko ena, Taiwan sili mu United Nations chichokereni 1971 ndiye aphungu odziwa zilankhulo ngati iwowa ndi amene amagogoda m'makomo a maiko kudzera m'mabungwe a zipani, iwo anafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa Liberal International. Ankalimbikiranso za ufulu wa amayi, za alendo okwatiwa ku Taiwan, ndi za chisamaliro cha ziweto. Ndipo china ndichinene ngakhale ndikudziwa kuti pagulu pano tisiyana maganizo, mu 2006 ndi iwo anabweretsa bilu yoti anthu ofanana ziwalo azitha kukwatirana, inakanidwa isanapite patali, koma patatha zaka 13 mu May 2019 nyumba ija inavomereza lamulo lotere, dziko loyamba ku Asia, iwo ali phungu wa Hualien

Mkulu wa Mpingo Ekwendeni: Pamenepo ine ndi mayiwa tasiyana, sindibisa, chikhulupiriro changa sichindilola. Koma ndikuona kuti munthu woimira dera la kumudzi lomwe analipeza movutikira akanatha kukhala chete kuti asunge mavoti

Jnr wa Kabaza: mwina nde zinawaluzitsa zimenezo

Admin: Abale nkhani imeneyo tinaikambapo kale ndipo tinatsala pang'ono kumwazikana, aliyense wanena maganizo ake mwaulemu tiyeni tibwerere ku za uphungu

Chembere ya pa Joni: Ine funso langa ndi la Fu uja. Munthu kulowa ndende kawiri anthu alibe njira yomuchotsera? kapena kumenekonso ndi mpaka zaka zithe

Mlimi wa Bembeke: Njira ilipo asisi, ndipo iyi ndi imene ife tinataya. Malamulo athu a 1994 anali ndi gawo 64 lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu, aphungu eni ake analichotsa mu 1995. Ku Taiwan lilipo ndipo limagwira ntchito, anthu amasainira kawiri kenako kumakhala voti, ovomera akachuluka kuposa okana komanso akakwana kota ya anthu onse olembetsa m'deralo phungu amapita. Pa 26 July 2025 aphungu 24 a KMT anaikidwa pa voti yotere tsiku limodzi, Fu ali m'gulu lomwelo ndipo ndi amene anthu ankamuyang'ana kwambiri. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anachotsedwa. Anthu a ku Hualien anafunsidwanso ndipo anamusunga

Bambo a Tadala: Basi nkhani yatha pamenepo. Anthu anapatsidwa mpeni m'manja nkuubweza m'chimake

Nachisale: Sinathe bambo a Tadala. Kusunga munthu utafunsidwa ndi kusunga munthu chifukwa sunafunsidwe ndi zinthu ziwiri. Ine gawo 64 ndikulifunabe ngakhale titamalephera kuchotsa aliyense, phungu azidziwa kuti chingwe chili m'manja mwathu

Jnr wa Kabaza: nde mai aja ataluza anakatani, anabwerera ku America?

Mlimi wa Bembeke: Anapita ku America koma motumidwa. July 2020 Tsai Ing-wen anawatumiza ku Washington ngati nthumwi ya Taiwan, mayi woyamba pa udindo umenewo, ndi kazembe ndithu kungoti dzina la ukazembe sagwiritsa ntchito chifukwa America inasamutsira ubale wake ku Beijing mu 1979. January 2021 anaitanidwa mwalamulo ku mwambo wolumbiritsa Joe Biden, koyamba chichokereni 1979 yomweyo. Akazembe a China nthawi imeneyo ankatchedwa ankhondo a mimbulu chifukwa cha ukali, iwo anadzitcha wankhondo wa mphaka, amaweta amphaka ndipo anapita nawo ku Washington, tanthauzo lake kuyenda mosamala pa malo opanikiza koma osagwa. China inawaika pa chiletso kawiri, August 2022 Nancy Pelosi, sipikala wa nyumba ya malamulo ya America nthawi imeneyo, atapita ku Taiwan, ndi April 2023, sangaponde ku China, Hong Kong kapena Macau. Kenako Lai Ching-te, woimira DPP pa upulezidenti, anawatenga kukhala womutsatira, anawina pa 13 January 2024 nkulumbira pa 20 May, mayi wachiwiri kukhala vayisi pambuyo pa Annette Lu

Bambo a Tadala: Mwaona, analuza dera nkukwezedwa. Mwana wa kumpanda sagwa pansi

Chembere ya pa Joni: Koma bambo inu, munthu akagwira ntchito asalandire malipiro? akanakhala waulesi bwenzi mukunena zina

Bambo a Tadala: Sindikuwanyoza mayi, ndikungoti tisayerekeze ndi phungu wa kwathu amene akaluza ngongole za kampeni zimamudya mpaka kugulitsa galimoto. Kukhala zaka 6 m'dera usali phungu kumafuna ndalama, mafuta, lendi ya ofesi, antchito. Iwo anali ndi chipani kumbuyo ndi malipiro a mpando wa mndandanda uja. Wathu akaluza amathawa chifukwa akangoonekera pa sitolo anthu 20 amuzungulira aliyense ndi vuto lake la fizi ndi la mankhwala, ndipo alibe chowapatsa

Mlimi wa Bembeke: Apa mwanena zoona zomwe sindinaziganizire bwino. Kumeneko munthu akadwala sapita kwa phungu, amatulutsa khadi la inshuwalansi, nde phungu amatsala ndi mpata wokamba za msewu ndi malamulo. Komabe ine chimene chimandigwira mtima ndi choti anayesa njira ija timaifuna tonsefe, kukhala ndi anthu, kugwira ntchito, osagula mavoti, inawapatsa mpando kamodzi nkuwalanda kachiwiri. Sindikudziwa ngati tinganene kuti inatheka kapena inalephera, nchifukwa chake ndaibweretsa kuno

Mkulu wa Mpingo Ekwendeni: Ine ndikamva Taiwan ndimakumbuka chipatala chachikulu cha Mzuzu, anatimangira ndi anthu amenewa ndipo madokotala awo tinkawaona ndi maso. Ubale unayamba 1966 nthawi ya Kamuzu, unatha kumapeto kwa 2007 nkulengezedwa January 2008 nthawi ya Bingu, a Joyce Banda ali nduna ya zakunja. Msewu wa Karonga-Chitipa anadzamaliza ndi a China, nyumba ya malamulo ku Lilongwe chimodzimodzi. Sindikuti boma linalakwa kapena linakhoza, koma tsiku lomwe madokotala aja ankanyamuka kuno kumpoto anthu anadandaula

Mlimi wa Bembeke: Ine ndinali nditangobwerako kumene bambo, anzanga amene anatsala m'mbuyo maphunziro awo anasokonekera pakati. Ndipo mwezi womwewo wa January 2008 ndi umene mayi Hsiao ankamaliza teremu yawo yachiwiri chipani chitawasiya. Pano mu Africa muno pa ubale ndi Taiwan yatsala Eswatini yokha, dziko lonse lapansi maiko 12, dziko la Nauru linachoka patangopita masiku awiri iwo atawina uvayisi

Nachisale: Achimwene funso lomaliza ndikagone mawa ndili ndi kalasi ya m'mawa. Ku Hualien amapitakobe?

Mlimi wa Bembeke: Pa 3 April 2024 kunagwa chivomerezi china chachikulu konko, choposa 7, chachikulu kwambiri chichitikireni cha 1999, Taroko ija ndinakaona inagumuka malo ambiri ndipo msewu wa Suhua unadukanso. Nthawi imeneyo iwo anali atasankhidwa kale koma asanalumbire. Mnzanga wa mu labu uja kwawo kwa mkazi wake ndi komweko, tinalankhulana usiku womwewo, apongozi ake anagona panja pa bwalo la sukulu masiku angapo. Ndinamufunsa kuti apongoziwo anavotera ndani mu 2020, anati Fu, mu 2016 anati Hsiao, ndipo akuti mpaka pano mayiwa akaoneka pa TV gogoyo amasiya zomwe akuchita nkukhala pansi kuti awamvere

Chembere ya pa Joni: Mumufunse mnzanuyo kuti gogoyo anasinthiranji, ine ndikufuna ndimve kuchokera kwa iwo eni osati kwa ife ongoganizira

Mlimi wa Bembeke: Ndimulembera pompano, kumeneko kuli patsogolo ndi maola 6 nde kwatsala pang'ono kucha, akadzuka aipeza